Makoswe oyera ndi msana wa msuweni wanga

Sabata yatha ndinalandira mphatso kuchokera kwa munthu amene sapatsa.

Bambo wina woyendetsa mota, njinga yamoto ija, pa njira ya ku Chiputo anaima pakhomo panga kuno ku Fingoe, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, n'kunditulira kathumba komanga ndi luzi. Anati kachokera kwa a Jerevaziyo. Nditamasula ndinapezamo mbewa zowamba, zouma bwino, zambiri mwa izo akapuku onona aja amene ukangowaika pamoto mafuta ake amazimitsa makala. Zinali ndiwo zoti banja n'kudya sabata yonse.

Jerevaziyo ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Tinabadwa chaka chimodzi, tinaweta mbuzi limodzi, nkhondo itafika povuta tinathawira limodzi ku Zambia, ndipo pobwerera tinakwera lole imodzi. Ndi munthu wabwino, wolimbika pa khasu, wosadziwa ndewu. Koma kuumira kwake n'kodziwika mpaka kutsidya kwa Zambezi. Akati akugawire chimanga chootcha, amayamba waluma mbali yopsa bwino. Munthu wotereyu atumize akapuku thumba lonse, osam'pempha?

Wanzeru akanafunsa. Koma ine njala ya ndiwo inandimanga pakamwa. Mayi a kunyumba anazikazinga ndi matimati ndi katsabola, ine n'kumadya masana ndi madzulo, ndipo pofika pakati pa sabata ndinali nditayamba kuuza anthu kuti ukalamba wam'fewetsa mtima msuweni wanga.

Ndiye Lachinayi ndinakumana pamsika ndi alamu anga a Rozita, akazi a Jerevaziyo, atabwera kudzagulitsa nyemba. Ndinawathokoza mwa ulemu wonse, ndi kuomba m'manja komwe.

"Mwadya, alamu?" anafunsa maso ali pa nyemba zawo.

"Yatsala michira yokha."

"Poronto, basi, si kanthu. Kungoti anzanu aja akuti mbewa zili ndi khansa. N'chifukwa chake anazichotsa pakhomo."

"Anazichotsa pakhomo pawo n'kuzitumiza pakhomo panga?"

"Anati kutaya ndiwo n'tchimo. Anatinso inu ndinu msuweni, mumvetsa."

Ndinakhala pathumba la nyemba osapemphedwa.

Nkhani yake, monga anandifotokozera a Rozita motsitsa mawu, ili motere. Papita nthawi Jerevaziyo akuvutika potaya madzi. Amapita pafupipafupi, akapita amakhalitsa, ndipo akabwerako sipapita nthawi wanyamukanso. Tsopano kwawonjezeka msana. Umam'pweteka cha m'chiuno, moti akakhala pampando, podzuka amafuna chogwira. Mwana wawo wamkazi, Selestina, akuphunzira ntchito ya m'laboratoriyo ku Tete, ndipo wakhala akuchonderera bambo ake kuti apite kuchipatala akaonedwe purositata, kachiwalo kaja kamene tili nako amuna tokha, pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Yankho la bamboyo limakhala limodzi: ndi khasu limeneli.

Mwanayo ataona kuti kuchonderera sikukupindula, anaganiza zowaopseza ndi zimene akuphunzira. Anatumiza pa telefoni kanema wa makoswe oyera, a maso ofiira, ali m'timabokosi toonekera mkati, ndipo iye mwini anajambulirapo mawu ofotokoza m'Chinyanja. A Rozita anandipatsa kuti ndimvetsere pomwepo, pakati pa phokoso la msika.

Mtsikanayo anafotokoza bwino kuposa mmene ndingathere ine. Akuti akatswiri ofufuza matenda amaweta makoswe amenewa dala. Amatenga timbewu ta khansa ya purositata n'kutiika m'thupi mwa khoswe, kenaka amadikira kuti aone kumene matendawo alowere. Ndipo akuti sakhala malo amodzi. Chotupa chikakula, tizidutswa take timanyotsoka n'kuyenda ndi magazi, kapena ndi timitsempha tina ta madzi a m'thupi, n'kukamera kwina: m'malo muja mumatuluka mwanabere, m'mapapo, ndipo mwa makoswe ena m'mafupa. Mwa ife anthu, akuti imakonda kwambiri mafupa a msana ndi a m'chiuno. Ikadali pamalo pake, madokotala amakhala ndi pogwira. Ikasamuka, nkhondo yake imakula. Anamaliza ndi mawu akuti, "Papa, bwerani tsopano, isanasamuke."

Umenewo ndiwo unali uthenga wa mwana. Tsopano imvani zimene anatolapo bambo.

Jerevaziyo anaonera kanemayo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wagwira mbala imene yakhala ikumubera kwa zaka. Khoswe ndi mbewa n'pachibale. Iye wakhala akudya mbewa kuyambira ali mwana wosavala. Ndiye nkhani yatha: matenda ali m'mbewa, ndipo mankhwala ake n'kuzisiya. Tsiku lomwelo anazungulira munda wonse kugwetsa maliwa ake, analetsa mbewa pakhomo, ndipo zimene anali atasunga m'chikwatu anazimanga m'kathumba kamene kanandipeza ine. Za ku Tete anati n'zosafunikanso, popeza gwero la matenda walitseka yekha.

"Alamu," anatero a Rozita, "ine ndikayamba nkhani ya kumunsi kwa lamba, amati ndawatopera, ndikufuna mwamuna wina. Mwana wayesa mbali yake. A katekisita akangotsegula pakamwa, anzanuwo amati tiyeni tipemphere. Mwatsala inu. Ndipo msewu wathu mukuudziwa. Mvula ikangogwa, ndiye kuti za chipatala n'za chaka chamawa."

Musaseke kwambiri, anzanga, chifukwa Jerevaziyo sali yekha.

Ife kuno matenda aliwonse timawafunsa funso limodzi: unadya chiyani? Mutu ukapweteka, ndi mango osapsa. Miyendo ikatupa, ndi nyama ya nkhumba. Maso akachita mdima, ndi mafuta a m'sitolo. N'chifukwa chiyani yankho limeneli timalikonda chonchi? Chifukwa kusala chakudya n'kosavuta. Sikufuna ulendo, sikufuna kuima pamzere, ndipo chachikulu, sikufuna kuvula buluku pamaso pa munthu.

Uthenga ukabwera ndi mbali ziwiri, ina yotiuza kuti tinyamuke, ina yotilola kukhala pansi, makutu athu amadziwa okha yosankha. Selestina ananena za msana, za mapapo, za kufulumira. Bambo ake anaona khoswe, basi.

Ndipo matenda a kumunsi kwa lamba ife amuna timawabisa kuposa mmene timabisira mbewu chaka cha njala. Munayamba mwayang'anapo mabenchi a abambo kutchalitchi ulaliki ukatalika? Wina amatuluka atagwira telefoni kukhutu ngati pali amene waimba, pamene tonse tikudziwa kuti kumeneko telefoni sigwira. Wina amati akukaona ngati njinga yake ikadalipo. Pamaliro, paukwati, pamsonkhano, kuseri kwa mtengo waukulu uliwonse kumakhala mdala ataima, akuyang'ana kumwamba ngati akulosera mvula. Tonse timadziwana. Palibe amene amafunsa mnzake.

Koma mwamuna yemweyo, ng'ombe yake ikavutika kukodza, mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe. Amayenda wapansi kukaitana wodziwa za ziweto. Amafotokoza mtundu wa mkodzo, fungo lake, ndi mmene ng'ombeyo ikupindira msana, osachita manyazi ngakhale pali apongozi. Zikafika pa iye mwini, pakamwa pamatsekeka. Kodi ng'ombe ndiyo yofunika pakhomo kuposa mwini khola?

Makolo athu anadziwa kuti pali nkhani zimene mkazi sangathe kunena, mwana sangathe, mkulu wa mpingo sangathe. N'chifukwa chake anatisiyira chisuweni. Msuweni ndi munthu amene angakuuze pagulu kuti m'kamwa mwako mukununkha, iwe n'kuseka nawo, kenaka n'kukatsuka mwakachetechete. Ambiri timayesa chisuweni n'chongonyozana pamowa ndi kulandana nkhuku. Ine ndaona sabata ino kuti ndi ntchito, ndipo ilibe wina woigwira m'malo mwako.

Loweruka ndinakwera mota kupita kwa Jerevaziyo, pa msewu umene unandikumbutsa kuti nanenso ndili ndi msana.

Ndinam'peza atakhala pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Sanandilonjere. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, mmene amayang'anira mbuzi imene akufuna kugula.

"Tayenda ndikuone," anatero.

"Ndiyende kupita kuti?"

"Ungoyenda. Ufike pankhokwepo, ubwerere."

Sindikudziwa chifukwa chake ndinamvera, koma ndinayenda.

"Msana uli bwanji?"

"Uli bwino."

"Chifuwa?"

"Chili bwino."

"Mwanabere sanatuluke?"

"Iwe Jerevaziyo, ukundifunsiranji zimenezi?"

"Unadya zonse?"

"Zonse."

Anaika pansi kasemasema wake, nkhope yokhumudwa. "Ndiye kuti zimachedwa kugwira."

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti nkhani ya kutaya ndiwo n'tchimo inali youza mkazi chabe. Ndinam'funsa ngati ankandiyesera dala.

"Nanga ndikanatani? Anthu a m'kanema aja ali ndi makoswe oyera oyeserapo. Ine ndilibe. Ndili ndi iwe."

Ndanyozedwapo m'moyo wanga, koma kuikidwa m'gulu la makoswe ndi mwana wa amalume anga kunali koyamba. A Rozita, amene ankapeta chimanga pakhonde, anabisa nkhope kuseri kwa lichero, mapewa akugwedezeka.

"Tamvera," ndinatero nditakhala pampando, "makoswe aja sanadwale chifukwa ndi makoswe. Matendawo amachita kuwaikamo anthu, ndi jekeseni. Khansa siyenda m'ndiwo. Munthu ukadya kapuku umangonenepa."

"Amachita kuwaikamo?"

"Eya."

"Khoswe wabwinobwino, wosalakwa kanthu?"

"Eya. Kuti aphunzire mmene matendawo amayendera m'thupi, apeze pothandizira anthu onga iwe."

Anaganiza kanthawi. "Kwathu kuno munthu wotenga matenda n'kuika mwa mnzake ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo si katswiri."

"Nanga iwe wandichita chiyani ine?"

"Iwe ndiwe msuweni. Siziwerengedwa."

Tili pakati pa nkhani anati akukaona mbuzi. Mbuzizo zinali pomwepo, zikudya masamba pafupi ndi mapazi ake. Ndinali nditakonzeka kale kumuseka, koma nditaona kadzukidwe kake ndinaleka. Anagwira mtengo ndi dzanja limodzi, lina pachiuno, n'kukukuta mano, ndipo ataimirira anadikira kaye asanaponde. Uyu ndi munthu amene ankasenza thumba la chimanga kuchokera kumunda mpaka kunkhokwe osatula. Ndinene poyera, ndinachita mantha. Anzanga a paubwana atha mmodzimmodzi, ena tinawasiya ku Zambia, ndipo sindinaganizepo kuti uyu nayenso angandisiye.

Anakhalitsa kuseri kwa nyumba nthawi yoti munthu n'kukazinga mtedza n'kuusenda. Atabwerako ndinayamba ntchito imene ndinadzera.

"Ndimayesa wabwerera ku Zambia."

"Mbuzi zinali kutali."

"Mbuzi zako masiku ano zimatuluka m'khola dontho limodzilimodzi?"

Anaseka, koma kuseka kwa pamilomo pokha.

"Ukudwala, msuweni," ndinatero. "Mkazi wako akudziwa, mwana wako akudziwa, ndipo mtengo wa kuseri uja ukudziwa kuposa tonsefe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Yopanda manyazi inafera pampani," anayankha osaphethira.

Ndi vuto la kukangana ndi munthu amene munaphunzira miyambi kwa anthu amodzi. Iye anapitiriza kupalapala mpini umene unali wosalala kale. Kenaka anayankhula motsitsa, kuti mawu asafike pakhonde.

"Ndinamva mmene amayezera. Akuti ndi chala."

"Eya. Amatenganso magazi."

"Magazi atenge, ndili nawo ambiri. Koma chala? Ine bambo wa ana akuluakulu, amene ndimakhala benchi ya kutsogolo kutchalitchi, ndikawerame pamaso pa mwana wobadwa dzulo? Ndikatuluka mmenemo, anthu ndidzawayang'ana bwanji?"

"Ndi maso omwewo."

"Epa, iwe zonse n'zoseka. Nanga amene anapita ku Tete ndi matenda otere, ndi angati anabwerako akuyenda okha?"

"Ndi angati anapitako akuyenda okha?"

Funsolo ndikulipereka kwa inunso. Timakhala kunyumba mpaka miyendo ikane. Kenaka abale amatinyamula pangolo, kutifikitsa kuchipatala tili mpweya wokha. Tikafera kumeneko, otsala amati mwaona, kuchipatala kumapha. Wotsatira nayenso amadikira mpaka anyamulidwe, ndipo mbiri yoipayo imakulirakulira. Sing'anga aliyense, wa mikanda kapena wa malaya oyera, ungam'bweretsere mtembo adzaoneka wosadziwa ntchito.

Jerevaziyo anandiyang'ananso ndi maso aja ogulira mbuzi, ndipo ndinadziwa kuti kukubwera zosakhala bwino.

"Iwe ndi ine tinabadwa chaka chimodzi."

"Eya."

"Kachiwalo kameneka nawenso uli nako."

"Ndili nako, koma kanga sikakundivuta."

"Wadziwa bwanji? Selestina akuti matendawa amayamba mwakachetechete. Ndiye uyambe ndiwe. Ine ndikhale pabenchi, ndione nkhope yako potuluka. Ukatuluka ukadali munthu, ndilowa."

"Ndikhalenso khoswe wako kachiwiri?"

"Ntchito unaiyamba kale. Imalize."

Apa ndi pamene chisuweni chimaluma mwini wake. Ukam'nyoza mnzako, zobweza uyenera kuzilandira ndi manja awiri. Ndinatembenukira kwa a Rozita kuti mwina andipulumutsa. Anali atasiya kupeta, lichero lili pamiyendo, akundiyang'ana ndi maso a munthu amene wagogoda makomo onse. Ndinavomera.

Tinabwera limodzi ku Fingoe pa mota imodzi, iye ali pakati pa ine ndi woyendetsa kuti asasinthe maganizo panjira. Mota ikagwera m'dzenje ankabuula, kenaka n'kunena kuti wabuula ndi ine.

Lolemba m'mawa tinali pabenchi ya kuchipatala. Ponseponse panali amayi ndi ana kumsana, amuna tinali owerengeka. Mayi wina wotidziwa anatilonjera n'kufunsa kuti wodwala ndani. Tonse awiri tinalozana.

Amene anationa anali tekiniku, wothandiza madokotala, wa imvi pang'ono, munthu wosataya nthawi ndi nkhani, osati mwana wobadwa dzulo amene Jerevaziyo ankaopa. Ndinalowa poyamba monga mwa pangano. Zimene zinachitika m'chipindamo sindilemba, chifukwa tsamba lino amawerenganso ana asukulu. Ndingonena kuti zinatha ndisanamalize kuganiza mmene ndidzam'bwezere msuweni wanga. Chimene chimapweteka ndi ulemu wokha, ndipo ulemuwo umapola munthu usanamalize kumanga lamba. Tekinikuyo anati kachiwalo kanga kali monga kayenera kukhalira pa msinkhu wanga, koma ndisaiwale njira.

Potuluka ndinakonza nkhope, ndinaongola khosi, n'kuyenda ngati msilikali pa tsiku la mbendera. Jerevaziyo anandiunguza mbali zonse.

"Ukadali mwamuna?" ananong'ona.

"Ukafunse alamu ako kunyumba."

Anadzuka, atagwira benchi, n'kulowa.

Iye anakhalitsamo. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, ndipo tekiniku anandiitana n'kunena kuti mwini wake walola kuti ndimve nawo. Anayankhula mosabisa. Anati iye pano sanganene kuti ndi khansa. Amuna ambiri akamakula kachiwaloka kamatupa popanda khansa, ndipo mankhwala ake alipo. Koma zimene wapeza, kuphatikizapo msanawo, zikufuna chipatala chachikulu ku Tete, akatenge magazi ndi kujambula. Anawonjezera kuti asadikire kubzala kaye, kapena kupalira kaye, kapena kaye wina aliyense.

Anafunsa ngati tili ndi funso. Jerevaziyo anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Nanga mbewa?"

"Mbewa zatani, bambo?"

"Munthu angadye?"

Tekinikuyo anandiyang'ana kuti mwina ndithandiza, ine ndinayang'ana kudenga. "Idyani," anatero, "mungoziphika bwino."

Msuweni wanga anatembenukira kwa ine pomwepo, pamaso pa wachipatala. "Undibwezere akapuku anga."

Ndinam'kumbutsa kuti khoswe woyeserapo salipira chakudya.

Sindikubisa kuti ulendo wa ku Tete ndi wolemetsa. Munthu wa ku Chiputo kapena ku Chipera kuti akafike kumeneko amasiya munda, amasiya ziweto, ndipo msewu umamaliza zimene matenda anasiya. Tikanakonda kuyeza kotereku kukanafika pafupi ndi ife, ndipo amene ali ndi makutu m'maofesi amve. Koma tsiku limenelo lisanafike, kutalika kwa msewu sikungakhale chifukwa chochedwera. Wa ulendo wautali ndi amene amalawira.

Ndipo amayi, musamatope kugogoda. Ngati wanu sakumva, fufuzani amene amam'seka osamenyedwa. Banja lililonse lili naye. Kaya ndi msuweni, kaya mlamu, kaya mnzake wa paubwana amene ankasamba naye kumtsinje, m'tumeni. Mwina adzabwerako atavulidwa buluku ngati ine, koma imeneyo ndi mbali ya ntchito.

Lachitatu m'mawa ndinam'perekeza pokwerera shapa, minibasi ya ku Tete. A Rozita anatsala kumudzi kuyang'anira ziweto, ndipo Selestina anali atalonjeza kukam'landira ku Tete. Pamene anthu ankamanga katundu padenga, Jerevaziyo anandikokera pambali.

"Msuweni, msanawu sunayambe dzulo."

"Unayamba liti?"

"Chimanga cha chaka chatha chisanache. Rozita ndinamuuza kuti ndi khasu. Ndinadziuzanso ndekha chimodzimodzi." Anayang'ana kumbali. "Mawu a mwana uja ndinawamva bwino. Sindine chitsiru. Kungoti atatchula msana, ndinachita mantha."

Kenaka anayandikira n'kupitiriza.

"Akakapeza kuti yasamuka kale, ndimuuza Selestina aimbire iwe, osati mayi ake. Rozita ukamuuze ndiwe. Ine pakamwa panga sipangathe."

Ndinafunafuna nthabwala yoti ndim'bwezere, popeza ndiyo ntchito yanga kwa iye kuyambira tili ana. Sindinaipeze. Ndinangom'gwira pamkono n'kumuthandiza kukwera, chifukwa mwendo wake unakana kufika pachopondera.

Pamene ndikulemba izi, telefoni ili pafupi ndi dzanja langa, ndipo ikalira ndimayamba ndayang'ana dzina ndisanayankhe. Mwina ikhala nkhani yabwino, tekiniku uja anati n'zotheka. Koma chaka chonse chimene msuweni wanga ananamizira khasu, palibe dokotala amene angam'bwezere.

Inu bambo amene mukuwerenga izi, wanu msana unayamba liti, ndipo mwauza ndani?